Ng'ombe za Sebastiano Zayang'ana Kum'mawa

Juliana anasita chitenje chake chobiriwira kawiri, ngakhale chinalibe khwinya. Mawa lake linali tsiku lokaonekera kwawo kwa Saulos, ndipo manja ake ankafuna chochita. Atachipinda anagwada pamphasa, nayamika Mulungu monga ankachitira masiku onse: chifukwa cha mjigo umene sunaphwe, chifukwa cha mayi woyandikana naye amene anamusungira makala amoto, ndiponso chifukwa cha mwamuna amene anabwera m'moyo wake iye asanamupemphe.

Anadziwana nthawi yogulitsa thonje. Juliana ankasoka pakhonde la golosale pa Ngabu, mutu uli pamakina, akuimba cham'mphuno kanyimbo kamene mayi ake ankamutonthoza nako ali mwana. Mwamuna wina wokankha njinga yamoto anaima pakati pa msewu, padzuwa, mpaka nyimbo inatha. Mawu ake oyamba sanali moni. Anafunsa kuti, "Chemwali, nyimbo imeneyo munaiphunzira kuti?" Juliana anayankha kuti ndi ya kwawo, tsidya la Shire, kupitirira Chiromo. Mawa lake mwamunayo anabwera ndi shati yong'ambika thumba. Mng'ambowo unali wowongoka ngati wa lezala. Juliana anaisoka, ndipo anakana malipiro.

Kuchokera apo Saulos sankabwera chimanjamanja. Ankabweretsa chambiko m'botolo lokulunga chiguduli chonyowa kuti lisatenthe. Dzuwa likafika pamakina, ankanyamula tebulo n'kulisunthira mumthunzi, nkhani ili mkamwa, ngati sakudziwa chimene akuchita. Juliana atadwala malungo, iye anakhala panja pa mpanda tsiku lonse, osalowa, kuopa kuti anthu angamunene mtsikanayo. Zinthu zimenezi Juliana ankazisunga mumtima. Ngakhale mayi ake anangowauza kuti kuli mnyamata dzina lake Saulos, wopemphera, wosamwa. Zina zonse ankati adzanena akadzadutsa pakhola.

Pakuti kwa Saulos kunali mwambo. Agogo ake, malemu Sebastiano, ndiwo anayamba kuweta ng'ombe zambiri kumunsi kwa Ngabu, kufupi ndi dambo, nthawi imene anthu a kumeneko ankangodziwa mbuzi ndi thonje. Pakholapo nthawi zonse pankakhala nkhunzi imodzi yosagulitsidwa, yosakwapulidwa, imene onse ankaitcha Agogo ndi kuipatsa ulemu wa munthu wamkulu. Mkazi aliyense wofuna kulowa m'banjamo ankayenera kuima pakhomo la khola, mchere uli pachikhatho. Agogo akanyambita, ankhoswe ankayamba kuyenderana. Akatembenuka, nkhani inkathera pomwepo.

Foni inalira Juliana akuzimitsa makala a simbi. Unali uthenga wa Saulos.

"Usaope, Juli. Agogo ndi ofatsa. Mantha akakugwira, ungoimba kanyimbo kako kaja motsitsa. Palibe adzamve."

Juliana anawerenga kawiri, namwetulira kuti munthuyu akukumbukirabe.

* * *

M'mawa, pamalo okwerera kabaza, anakumana ndi Betty. Bambo ake a Betty ankagula ng'ombe kwa a Sebastiano kuyambira kale, ndipo iye anakulira m'nyumba imeneyo ngati mwana wa momwemo. Ngabu yense ankadziwa kuti azakhali a Saulos, a Esinala, anali atamusankha kalekale kuti adzakhale mkazi wa Saulos.

Betty anamuyang'ana kuyambira kuduku mpaka kunsapato.

"Mwatchena, atelala. Zosoka nokha? Komatu ng'ombe sizidya chitenje."

Juliana anamupatsa moni, namufunsa za mwendo wa mayi ake umene unali wotupa. Betty anayankha mwachidule kuti ukuchira. Kenaka anayamba kudzitama kuti iye Agogo anamunyambita dzanja akadali ku pulayimale, popanda ndi mchere womwe. Ananenanso kuti mlendo asamathamangire pakhomo pamene sakupadziwa: akafunse chifukwa chimene abusa sakhalitsa kumeneko, akafunsenso kumene zimapita ng'ombe zimene zimasowa dzinja lililonse, zosaoneka ngakhale chikopa.

"Sakuuzani zimenezo achikondi anuwo? Amangokumwetsani chambiko?"

Juliana anaitana kabaza. Pamene ankakhala pakabaza, Betty anatambasula dzanja, nachotsa ulusi woyera umene unakakamira paphewa lake. Anauponya pansi n'kuchoka osatembenuka. Njira yonse Juliana ankaganizira za ulusiwo kuposa mawu aja. Anamupempherera Betty, ngakhale pempherolo linatuluka movutikira.

* * *

Nyumba ya a Sebastiano inali ya njerwa zakale, malata ofiira ndi dzimbiri, yoyang'ana kumadzulo. Juliana anaona kuti khoma la kum'mawa linalibe zenera. Panali malo amene kale panali zenera, koma anatsekapo ndi njerwa za mtundu wina.

Saulos anamulandira panjira, namuchotsa chisoso chimene chinamata m'mphepete mwa chitenje. Maso ake anali ofiira ngati munthu amene sanagone. Ananong'ona kuti usiku ng'ombe ina yapolozanso, nkhani imene anali asanamuuzepo.

A Esinala anali mayi wamtali, wouma thupi, korona ili m'khosi. Bambo a Saulos atamwalira, mawu onse a pakhomopo anatsala ndi iwo. Anamupatsa Juliana madzi m'chikho chabwino, chosathethuka, koma sanamwetulire. Anamulozera chithunzi chimene chinali pakhoma: mwamuna wa chipewa chachikulu, dzanja lili palinunda la nkhunzi yakuda, maso akuyang'ana kumbali ngati wina wamuitana.

Anafotokoza mbiri ngati munthu wonena katekisimu. Bambo awo, Sebastiano, anachokera tsidya chaka cha madzi aakulu, nthawi ya atsamunda. Ruo ndi Shire atakumana pa Chiromo n'kumeza midzi, anthu anathawa ndi mphasa zokha. Koma Sebastiano yekha anawolotsa ng'ombe zake, iye ali mu mwadiya, bwato la mtengo umodzi, ng'ombe zikusambira pambuyo. Mubwatomo munali kathole kakuda kobadwa kumene. Kathole kameneko ndiye kholo la nkhunzi zonse zimene zatchedwa Agogo. Kuno kunali tchire la mikango ndi minga. Anadula, anamanga khola, anakwatira mayi awo, anaphunzitsa ana.

"Anawolotsa okha?" anafunsa Juliana, mongofuna kuonetsa kuti akumvetsera.

"Okha," anatero a Esinala. Saulos anayang'ana pansi.

Kenaka anamufunsa kwawo. Atamva zoti ndi kupitirira Chiromo, zala zawo zinaima pakorona. Anati m'banjamo sanatengepo mkazi wa tsidya, ndipo iwo sakanafuna kuyamba, koma poti mwana wakakamira, Agogo ndiwo aweruze. Anamuuza malamulo: avule nsapato, asalowe mkati, asathawe, ndipo pakamwa pakhale potseka. Pakholapo sipaimbidwa nyimbo, sipaimbidwa mluzu. Abusa amayendetsa ng'ombe ndi chikwapu chokha.

Juliana anayang'ana Saulos, pokumbukira uthenga uja. Saulos anali akuthira mchere m'kambale, osadzutsa mutu.

* * *

Dzuwa linali paliwombo. Tsiku limenelo ng'ombe sanazitulutse. Juliana atafika pakhola anaona chinthu chachilendo: ng'ombe zonse zinali zitaima, zazikulu ndi matole omwe, mitu italoza mbali imodzi, kum'mawa. Palibe imene inkabzikula. Palibe imene inkagwedeza mchira, ngakhale ntchentche zinali wirikiti. Akakowa amene amakonda kutera pamisana yawo anali patali, mumtengo wa msawu.

Mbusa wina wachikulire anamuuza motsitsa kuti zimatero masana aliwonse mvula ikayandikira. Anati asazilabadire.

A Esinala anawomba m'manja atagwada. "Agogo, kwabwera mlendo. Muoneni."

Nkhunzi yakuda inatembenuza mutu pang'onopang'ono. Inali yaikulu kuposa ya pachithunzi, nyanga imodzi yopindikira pansi. Inayenda n'kudzaima pafupi ndi mipiringidzo ya pakhomo. Juliana anatambasula chikhatho. Dothi linkamuwotcha mapazi. Mpweya wotentha wa nkhunziyo unkamufika padzanja, koma lilime silinatuluke. Inangomuyang'ana, diso lake lili ndi kadontho koyera pakati. Kenaka inayamba kupotoza khosi kuti ibwerere.

Juliana anayamba Tikuoneni Maria mumtima. Mawu a pemphero anasokonekera, ndipo sanadziwe nthawi imene analowa m'kanyimbo kaja. Kanatuluka kokha, kapansipansi, monga kankatulukira pamakina:

"Nditsateni, ana a make,
tsidya ndi pafupi."

Nkhunzi inaima. Makutu a ng'ombe zonse anatembenuka nthawi imodzi, ndipo phokoso lake linamveka ngati mphepo yodutsa m'mapesi. Agogo anabwerera, napinda miyendo yakutsogolo, nagwada m'ndowe. Ananyambita mchere wonse, ananyambita chikhatho, ananyambita mpaka m'chigongono. Ng'ombe zina zinadza mwakachetechete n'kuunjikana pakhomo, osakankhana, ngati anthu opita ku mgonero.

"Tseka pakamwa, mwanawe," anatero a Esinala. Mawu awo anali ofooka.

Juliana anatseka. Apo ndi pamene nkhunzi inadzuka, inaika chifuwa pamipiringidzo, ndipo mitengoyo inathyoka ngati mapesi a mapira. Siinathamange. Inamudutsa Juliana pafupi kwambiri moti ubweya wake unamukhudza, n'kulunjika kum'mawa. Zonse zinatsatira pamzere. Abusa anathamangira kutsogolo ndi zikwapu, anakwapula mpaka manja anatopa, koma ng'ombe zinkangowalambalala ngati zitsa. Panalibe ndi imodzi yomwe imene inalira.

Saulos anathamangira njinga yake. Asanailize anacheuka n'kumuyang'ana Juliana. Nkhope yake siinali ya munthu wodabwa.

A Esinala anamugwira pamkono. "Agogo ako akuchikazi anali yani?"

Juliana anatchula dzina. Mayiwo anamusiya, nalowa m'nyumba, natseka chitseko. Mbusa wachikulire uja ndiye anamutolera nsapato zake, nazipukuta fumbi ndi chipewa, namuperekeza mpaka kumsewu.

* * *

Juliana anaimbira foni mayi ake, a Ethel, dzuwa lisanalowe, atakhala pakhonde la kuseri. A Ethel anayamba ndi kumufunsa ngati wadya. Juliana anafotokoza zonse, kuyambira pa shati yong'ambika mpaka pa mipiringidzo. Anatchulanso dzina la Sebastiano.

Pamene a Ethel anayamba kulankhula, analankhula mosafulumira. Anati mayi awo, agogo a Juliana, anali ndi mkulu wawo dzina lake Chanazi. Ng'ombe zinali za bambo a Chanazi, ndipo mtsikanayo ndiye anazikulitsa. Sankagwira chikwapu. Ankangoimba, izo n'kumutsata kulikonse. Sebastiano anabwera pamudzipo ngati mkamwini, wopanda ngakhale nkhuku. Madzi aakulu atabwera, anthu anakwera pachulu chachikulu. Bwato linali limodzi. Ng'ombe zinakana kulowa m'madzi mpaka Chanazi anakhala kumbuyo kwa bwatolo n'kuyamba kuimba. Mwamuna wake ankapalasa. Pakati pawo anagonekapo kathole kakuda. Anauza otsala pachulu kuti abweranso kudzawatenga.

"Amayi anga anali kamwana. Anaimirira pachulu paja, kumvetsera. Bwato linali lolemedwa, madzi akulowa, aliyense ankaona. Nyimbo inkamveka, inkamveka. Kenaka inadukira pakati pa mawu."

"Ndiye?"

"Tsidya linalo kunafika mwamuna, kathole, ndi ng'ombe. Sanabwerenso pachulu. Sanabwere ndi pamaliro pomwe."

Anati abale anayesa kutsatira nkhaniyo, koma amene ali ndi ng'ombe ali ndi mawu. Choncho agogo a Juliana anasunga chinthu chimodzi chokha chimene Sebastiano sanathe kuwolotsa. Anachiimbira ana awo pogona, ana awo n'kuimbiranso ana awo. A Ethel anati sanaganizepo kuti n'kofunika kumuuza Juliana chiyambi chake, poti ankafuna mwana wawo akule wopanda mkwiyo wa anthu akufa.

"Tsopano mvera. Zisiye ziwoloke. Zikubwera kwawo. Usaziimbirenso, ndipo m'banja limenelo nkhabe, sulowamo ine ndili moyo."

Juliana anayesa kunena za chambiko, za tebulo losunthidwira mumthunzi. Mayi ake anayankha kuti Sebastiano nayenso ankatungira apongozi ake madzi.

* * *

M'mawa kusanatenthe, Juliana anamva odi wa munthu wamkulu. Anali a Esinala, atasenza dengu, fumbi lili m'miyendo. Juliana anathamangira mpando, koma iwo anakhala pansi, padothi, pafupi ndi chitseko. M'dengumo munali mpunga, nkhuku yomanga miyendo, ndi chitenje chatsopano.

Anati Agogo aweruza, ndipo aliyense anaona. Palibe mkazi amene anagwadiridwapo. Ankhoswe atha kuwoloka sabata yomweyi. Za ukwati banja lidzasenza lokha. Anamutcha mtengwa wathu. Dzulo lomweli anali mwanawe.

Kenaka anafika pa chimene anadzera. Ng'ombe zinafika kumtsinje dzulo, zinalowa m'madzi, ndipo zaima pachisumbu cha mchenga pakati pa Shire. Sizikupita kutsogolo, sizikubwerera. Kumapiri kwagwa mvula, madzi akukwera, ndipo ng'ona zayamba kuzungulira. Saulos wagona kugombe.

"Ukangoziimbira kamodzi, zibwerera. Ndakupempha, mwana wa anzanga."

Juliana anafunsa ngati iwo ankalidziwa dzina loti Chanazi. A Esinala anayang'ana korona yawo. Anati bambo awo atakalamba, nzeru zitayamba kuthawa, ankakhala pazenera la kum'mawa n'kumaimba kanyimbo kameneko, kenaka n'kumatseka makutu ndi manja, akulira kuti wina amuletse Chanazi. N'chifukwa chake zeneralo linatsekedwa. Iwo sanafunse zambiri. Anangowonjezera dzina limenelo pa mayina amene amaperekera Misa mwezi wa akufa, chaka ndi chaka, popanda wodziwa.

Juliana anamasula miyendo ya nkhuku ija, naipatsa madzi. Anati avale kaye.

Ali m'chipinda uthenga unalowa pafoni. Nambala inali yachilendo, koma kalembedwe anakazindikira. Anali Betty.

"Ndamva zoti mwapambana, atelala. Zabwino zonse. Koma Saulos ankakhala pamiyendo pa agogo ake akamaimba pazenera paja, ine ndilipo. Nyimboyo amaidziwa kuposa inu. Wayenda misika yonse ya tsidya zaka ziwiri, akuti kokagula mbuzi. Mumufunse chimene ankasaka. Sindikunama, ndipo sindikukondwa."

Juliana anakhala pabedi, duku lili m'manja. Anakumbukira mwamuna woima padzuwa pakati pa msewu. Anakumbukira kuti sanayambe ndi moni. Anatsegula uthenga wa dzana uja, nawerenganso mawu akuti palibe adzamve. Anafuna kupemphera, koma sanadziwe choti apemphe. Anangoti, "Ambuye, mukuona," n'kumanga duku.

* * *

Kugombe kunali anthu ochepa: abusa, asodzi angapo, ndi amayi amene anasiya kuchapa. Onse ankalankhula monong'ona. Madzi anali ofiira, akukokolola namasupuni ndi zitsa za nthochi. Kutali, pakati pa mtsinje, ng'ombe zinali zitaima pamodzi, madzi ali m'maondo, mitu italoza kum'mawa. Tsidya linalo silinkaoneka bwino. Panali nkhungu yoyera yopyapyala, yachilendo pa nthawi yotentha chotero, ndipo mitengo ya mivumo inkaoneka mitu yokha.

Saulos anali atakhala pamphuno pa bwato, matope ali mpaka m'chiuno. Atamuona anadzuka, navula shati yake yakunja, naiyala pamchenga wonyowa kuti iye apondepo. Inali shati ija ya thumba. Juliana anazindikira msoko wake. Sanapondepo.

Saulos anafotokoza kuti kuchokera pagombe mawu sangafike, mkokomo wa madzi ndi waukulu. Ayenera kupita ndi bwato mpaka pafupi ndi chisumbu. Iye apalasa, Juliana akhale kumbuyo n'kumaimba, ng'ombe zitsatira. Anawonjeza kuti asodzi aona kuti ng'ombe ina yaswa usiku pamchengapo. Katholeko sikangasambire. Adzakanyamula m'bwato.

"Kakuda?" anafunsa Juliana.

Msodzi wina anayang'ana kumbali.

"A Saulos, tsiku lija pa Ngabu munaimiranji?"

Saulos anapukuta nkhope ndi dzanja lamatope. Anati sanama. Khola linali kutha, bambo ake anamwalira akudandaula, ndipo munthu wina wachikulire anamuuza kuti ng'ombezo sizidzakhazikika mpaka zitamva mawu amene zikudikira. Anayenda misika ya tsidya, kumvetsera amayi akamatonthoza ana. Anali atataya mtima pamene anaimva nyimboyo pakhomo penipeni, pa Ngabu.

"Ndinaima chifukwa cha nyimbo, Juli. Zimenezo n'zoona. Shati ndinang'amba chifukwa cha nyimbo. Koma tsiku lija la malungo, panja pa mpanda, sunkaimba."

"Nanga uthenga wa dzana?"

"Ndinkaopa kuti Agogo akukana. Ndinkaopanso za khola. Zonse ziwiri. Sindingathe kuzilekanitsa kuti ndikuonetse."

Juliana anayang'ana bwato. Linali laling'ono, lakale, lokhala ndi chigamba cha lata pambali. Pansi pake panali kale timadzi.

"Likalemedwa pakati paja, mudzatani?"

Saulos anatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo ng'ombe ina inalira pachisumbu, koyamba chichokereni kukhola, ndipo maso ake anathawira kumeneko asanayankhe. Anabwerera msanga, koma Juliana anali ataona. Saulos naye anadziwa kuti waona. Anatambasula dzanja, chikhatho chili m'mwamba, monga Juliana anachitira ndi mchere.

"Takwera, Juli. Ndikuyankha ndi manja anga, osati pakamwa."

A Esinala anali atagwada pamchenga, akuyendetsa korona. Juliana anayang'ana dzanja lija. Linali lomwe lija linkasuntha tebulo. Anasendeza phazi limodzi kutsogolo.

Apo ndi pamene nyimbo inayamba.

Inachokera tsidya, mkati mwa nkhungu. Anali mawu a mkazi, osakwera kwambiri, koma ankadutsa mkokomo wa madzi ngati akuimbidwira pakhutu. Nditsateni, ana a make. Amayi ochapa aja anayang'ana Juliana. Milomo yake inali yotseka. Pachisumbu, makutu onse anatembenuka nthawi imodzi.

Mtima wa Juliana unagwa, komabe unapezako pogwira. Anadziuza kuti ndi mayi ake. Alawirira, ayenda mpaka kugombe la tsidya, abwera kudzaitana ng'ombe za kwawo. Zinali zowawa, koma zinali zomveka.

Foni inanjenjemera m'dzanja lake. Pagalasi panalembedwa kuti Amayi.

Anayankha, maso ali kunkhungu. A Ethel anati mtima wawo sunakhazikike usiku wonse, ndipo akungotuluka m'tchalitchi kumene. Kumbuyo kwawo kunkamveka belu la njinga ndi ana akusewera. Anamuchenjeza kuti anthu amenewo akabwera ndi mawu okoma asawatsate kumtsinje, ndipo chilichonse chingachitike, asakwere bwato. Kenaka anadukiza.

"Juliana, uli kuti?"

"Kugombe, Amayi."

"Nanga akuimbayo ndani?"

Pachisumbu paja nkhunzi yakuda inali italowa kale m'madzi akuya mpaka m'khosi, kulunjika kumene kunkachokera mawu, ndipo zina zinayamba kuitsata. Kathole kanatsala kokha pamchenga umene unkachepa, kakulira.

Atatsitsa maso, dzanja la Saulos silinalinso patsogolo pake. Linali litagwira nkhafi. Bwato linali litachoka pagombe, iye ali yekha, akupalasa molunjika kunkhungu, malo a kumbuyo ali opanda munthu. Koma kumbuyoko n'kumene kunamira kwambiri m'madzi, ngati pakhala wina.

"Muitane, mtengwa," ananong'ona a Esinala, atamugwira chitenje. "Si ng'ombe tsopano. Muitane mwanayo."

Kukhutu, mayi ake ankabwereza kuti asatsegule pakamwa. Juliana anaima pashati ija osadziwa kuti waipondapo, mpweya uli wodzaza m'chifuwa, nyimbo ili pammero.